Nyimbo za Leroy Shield pa zimbale ziwiri za The Beau Hunks

Zimbale ziwiri zimene ndikuziunika pano ndinazigula kwa munthu wina wa pa intaneti amene amachita malonda a zimbale zakale, ndipo zinandipeza patatha milungu isanu, kabokosi ka chimodzi katang'aluka pakona chifukwa mwini malondawo anangozikulunga m'pepala lopyapyala. Ndalama yotumizira inaposa mtengo wa zimbalezo. Choyamba chimatchedwa The Beau Hunks Play the Original Little Rascals Music, chinatuluka mu 1994 kudzera ku kampani ya Koch, ndipo chili ndi nyimbo 50. Chachiwiri ndi On to the Show!, chimene chinatsatira mu 1995. Oimba ake ndi gulu la ku Netherlands lotchedwa The Beau Hunks, koma mwini nyimbozi ndi Leroy Shield, katswiri wa piyano wa ku America amene anamwalira zaka zoposa 30 zimbalezi zisanatuluke.

Aliyense amene anaonerapo mafilimu oseketsa a Stan Laurel ndi Oliver Hardy, wowonda wosachedwa kulira uja ndi mnzake wonenepa wokonda kudzitama, ayenera kuti anazimvapo nyimbo za Shield ngakhale dzina lake sanalimvepo. Zimamveka chapansipansi, pamene mbale zikusweka, zitseko zikumenyedwa ndipo Hardy akuyang'ana kamera ndi nkhope yosowa pogwira. Zimamvekanso m'mafilimu a ana otchedwa Our Gang, amene anapatsidwa dzina lakuti The Little Rascals atayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema m'zaka za m'ma 1950. Mafilimu onsewa ankapangidwa pa situdiyo imodzi, ya Hal Roach, ku Culver City m'chigawo cha California. Funso limene ndinali nalo poyika chimbale choyamba m'makina linali lakuti kodi nyimbo zimene zinapekedwa kuti zizikhala pansi pa phokoso la ena zingaime pazokha, munthu n'kukhala pansi kuzimvetsera popanda chithunzi chilichonse patsogolo pake. Yankho langa ndi lakuti zimaima ndithu, ngakhale pali malo amene zimatsimphina, ndipo malowo ndiwatchula.

Shield anabadwa pa 2 Okutobala 1893 ku Waseca m'chigawo cha Minnesota. Mu 1923 analowa ntchito ku Victor Talking Machine Company, kampani yaikulu yojambula zimbale za galamafoni, kumene ankaimba piyano, kutsogolera oimba ndi kuyang'anira ntchito yojambula. Sanali munthu wa mafilimu, ndipo chimene chinamufikitsa ku Culver City ndi kusintha kumene kunagwedeza makampani onse opanga mafilimu kuyambira mu 1927, pamene mafilimu olankhula anayamba kulanda malo a mafilimu opanda mawu. Hal Roach anagwirizana ndi kampani ya Victor kuti izimujambulira mawu, ndipo Shield, amene panthawiyo ankayang'anira ntchito za kampaniyo kumadzulo kwa dzikolo, anapezeka ali pakati pa anthu a nthabwala.

Vuto limene anthu a nthabwalawa anakumana nalo ndi lofunika kulimvetsa, chifukwa ndi limene linabala nyimbo zimene zili pa zimbalezi. Pa nthawi ya mafilimu opanda mawu, m'nyumba yoonetsera filimu simunkakhala zii, popeza munkakhala woimba piyano, kapena gulu lonse la oimba, amene ankaperekeza chithunzicho kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mafilimu olankhula atabwera oimba aja anachotsedwa ntchito. Kwa filimu yodzaza ndi zokambirana zimenezi sizinali kanthu, koma nthabwala za Laurel ndi Hardy zimadalira kwambiri zochita, ndipo pamatha kupita mphindi zingapo popanda wina kutsegula pakamwa, anthu awiri akungolimbana ndi makwerero kapena kuwonongerana katundu mosinthana. M'mafilimu awo oyamba olankhula a mu 1929, nthawi ngati zimenezi woonera ankangomva kusokosera kwa makina ojambulira mawu, amene anali asanakhwime. Nyimbo zinafunika kuti zikwirire kusokoserako ndi kubwezeretsa liwiro limene woimba piyano uja ankapereka.

Mu 1930 ndi 1931 Shield anapeka nyimbo zazifupi zambirimbiri, zina za chimwemwe, zina za chikondi, zina zothamangitsana, zina za munthu woyenda monyang'ama. Nyimbozo zinajambulidwa ndi kagulu ka oimba n'kusungidwa, ndipo olumikiza mafilimu ankangotengapo imene akuifuna n'kuiyika pansi pa chithunzi, kuidula pamene pawakomera, kuibwereza ngati chithunzicho chatalika. Pups Is Pups ya mu 1930 ndi imene imatchulidwa kuti inali yoyamba mwa mafilimu a Our Gang kukhala ndi nyimbo zoterezi, ndipo chaka chomwecho nyimbo ya Good Old Days inamveka koyamba mu Teacher's Pet, filimu imene kamnyamata Jackie Cooper kamaulula kwa mayi wina wokongola amene wakakweza galimoto ziwembu zonse zimene ana akonzera mphunzitsi watsopano, osadziwa kuti mayiyo ndiye mphunzitsiyo. Nyimboyi inasanduka chizindikiro cha mafilimu a anawa kwa zaka zambiri. Nyimbo zomwezo zinazungulira m'mafilimu a katswiri wina wa nthabwala, Charley Chase, ndi a ena onse a pa situdiyopo, chaka ndi chaka, mwini wake atachokapo kalekale, ndipo nthawi zambiri dzina lake silinkalembedwa n'komwe pa mndandanda wa ogwira ntchito. Shield anapita ku wailesi ya NBC mu 1931, anatsogolera nyimbo ku Chicago kwa zaka zambiri, kenako ku New York anagwira ntchito ndi gulu lalikulu la oimba la NBC limene katswiri wotchuka Arturo Toscanini ankalitsogolera. Kwa Roach anabwererako mwa apo ndi apo, makamaka mu 1936 pamene anapekera nyimbo filimu yaitali ya Our Relations. Anamwalira mu Januwale 1962 ku Florida, ndipo chaka chotsatira nyumba za situdiyo ya Roach zinagwetsedwa.

Apa ndi pamene ntchito ya The Beau Hunks imayambira, ndipo ndi chifukwa chake zimbalezi ndimaziwerengera mosiyana ndi zimbale zina zobwereza nyimbo zakale. Nyimbo zambiri za Shield za mu 1930 ndi 1931 zinalibe mapepala amene woimba akanatha kuwatenga n'kuyamba kuimba, komanso zojambula zoyambirira, zija zopanda mawu a anthu pamwamba, sizinapezeke. Chimene chinatsala ndi mafilimu enieniwo, momwe nyimbo iliyonse inali yodukaduka ndiponso yokwiririka. Piet Schreuders, katswiri wokonza maonekedwe a mabuku ndi magazini wa ku Netherlands, anachita ntchito imene munthu wopupuluma sangaiyambe n'komwe. Popeza nyimbo imodzi inkagwiritsidwa ntchito m'mafilimu ambiri, chigawo chimene mu filimu iyi chaphimbidwa ndi kukuwa kwa Hardy chimatha kumveka bwino mu filimu ina, pamene ochita sewero ali chete. Schreuders anasaka tizigawo toyera timeneti m'mafilimu osiyanasiyana, kutidula ndi kutilumikiza mpaka nyimbo yathunthu itatuluka, monga mmene mayi amasokera chofunda kuchokera ku zigamba za nsalu zosiyana. Kenako oimba anakhala pansi ndi matepiwo n'kumalemba zimene chida chilichonse chikuimba, kumvetsera kachigawo kamodzi kambirimbiri kuti asiyanitse mawu a sakisofoni ndi a kilarineti pansi pa kusokosera kwa zaka 60. Gululo, motsogozedwa ndi woimba besi Gert-Jan Blom, linayamba mu 1992 pokumbukira zaka 100 chibadwire Oliver Hardy, ndipo dzina lake linatengedwa ku filimu ya Laurel ndi Hardy ya mu 1931.

Chimene chimagwira khutu poyamba ndi kudziletsa kwa oimbawa. Gulu lililonse la akatswiri likapatsidwa nyimbo yakale limakhala ndi chilakolako choikongoletsa, kuwonjezera apa, kutalikitsa apo, kupatsa woimba lipenga mpata woti adzionetse. The Beau Hunks sanachite zimenezo. Anagwiritsa ntchito zida za nthawi imeneyo ndipo anajambula onse pamodzi, maikolofoni atalendewera pamwamba pawo, kotero kuti mawu a gulu lonse amafika atasakanikirana kale m'chipindamo, monga mmene zinkakhalira mu 1930. Masakisofoni amanjenjemera motsekemera mwa njira imene oimba amakono anaisiya kalekale ndipo ena amaiona ngati yachikalekale mochititsa manyazi. Mavayolini ndi ochepa ndipo sayesa kumveka ngati ambiri. Banjo imagunda kumbuyo mosatopa, ndipo mawu a pansi amayenda mwa masitepe aafupi, olemera, ngati munthu wonenepa amene akuyesetsa kuyenda mwaulemu. Kusiyana kwake ndi filimu n'kwakuti pano chilichonse chikumveka, ndipo zikuoneka kuti Shield sankalemba mwachisawawa poganiza kuti palibe amene adzamvetsere. Pansi pa nyimbo yaikulu pamakhala tinyimbo tina tating'ono toyankha, timene mu filimu sindinatimvepo ngakhale kamodzi.

Ndinayesa chinthu chimodzi kuti nditsimikize zimenezi. Ndinaonera Helpmates ya mu 1932, mmene Hardy amaitana Laurel kuti amuthandize kukonza m'nyumba pambuyo pa phwando mkazi wake asanabwere ku ulendo, ndipo ndinaganiza zotsatira nyimbo zokha osalabadira zochitikazo. Sindinathe kupitirira mphindi imodzi. Mbale zimene Laurel watsuka zimasweka, Hardy amathiridwa mwaye, kenako ufa, ndipo nthawi iliyonse khutu langa linkasiya nyimbo n'kuthamangira ku ngoziyo. Nditazimitsa filimuyo n'kuyika chimbale, nyimbo zija ndinazizindikira nthawi yomweyo ngati anthu amene ndakhala ndikukumana nawo pamsika kwa zaka zambiri osawafunsa maina. Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene anali ataonera nane filimuyo, anamva nyimbo imodzi ali kukhonde ndipo analowa akuseka, nafunsa ngati bambo wonenepa uja wagwanso. Panalibe chithunzi chilichonse, koma nyimboyo inali itamubweretsera bamboyo.

Pomvetsera mobwerezabwereza ndinazindikira chimene chimapangitsa kuti nyimbozi zigwire ntchito m'mafilimu aja, ndipo ndi chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Nyimbo za Shield sizitsanzira zochitika. M'makatuni a nthawi yomweyo munthu akagwa nyimbo imagwa naye, akakwera makwerero nyimbo imakwera naye. Za Shield sizingatero, chifukwa zambiri zinapekedwa iye asanaone chithunzi chimene zidzayikidwe pansi pake. Choncho nyumba ikamapsa nyimbo imangopitiriza mwachimwemwe, ngati kuti palibe chimene chalakwika, ndipo kusalabadira kumeneku kumawonjezera nthabwala, pakuti kumafanana ndi mtima wa Laurel mwiniwake, amene amawononga chilichonse ndi nkhope yosalakwa. Kusamangika ku chithunzi chimodzi kumeneku ndi kumenenso kumathandiza kuti pa chimbale nyimbozi zikhale ndi mutu ndi mchira wakewake.

Good Old Days ndi imene anthu ambiri adzathamangire, ndipo m'pake. Ili ndi chisangalalo chosakanikirana ndi kachisoni, ngati cha munthu wamkulu amene akudutsa pa sukulu imene anaphunzirapo. Komabe ine imene yandikhala mumtima ndi Beautiful Lady, nyimbo yodekha imene olumikiza mafilimu ankaikonda pa nthawi za chikondi, ndipo ikamaimbidwa yonse popanda kudulidwa imaonetsa kuti mwini wake akanatha kupikisana ndi olemba nyimbo zotchuka a nthawi yake akanafuna kutero. In My Canoe nayo imayenda mofatsa, pamene Bells, Little Dancing Girl ndi Dash and Dot ndi zodumphadumpha, zoti munthu akhoza kupeza akugwedeza phazi osadziwa. On to the Show, imene inapereka dzina ku chimbale chachiwiri, ili ndi changu cha anthu amene akuthamangira kukapeza mipando nyali zisanazimitsidwe.

Zofooka zilipo, ndipo sizonse zimene tingaziyike pa oimba. Nyimbo 50 pa chimbale chimodzi zikutanthauza kuti zambiri ndi zazifupi, ndipo zina zimatha munthu asanakhazikike n'komwe. Pali tina timene si nyimbo kwenikweni, koma tizizindikiro ta masekondi owerengeka timene tinkayikidwa pamene wina wadzidzimuka kapena wachita manyazi. Kwa wofufuza mbiri tizigawo timeneti ndi chuma, koma kwa munthu amene akufuna kumvetsera akupuma madzulo timadula mtima, chifukwa pamene wayamba kuzolowera liwiro lina, lina layamba kale. Chachiwiri n'chakuti gulu la zida ndi lomwelo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo chisangalalo chosalekeza chimatopetsa monga mmene tiyi wothira shuga wambiri amatopetsera pa kapu yachitatu. Ine ndinapeza kuti mphindi 20 pa nthawi imodzi ndi muyeso wabwino, ndipo tsiku limene ndinayesa kumvetsera zimbale zonse ziwiri motsatizana ndinafika pakati pa chachiwiri ndisakusiyanitsanso nyimbo ina ndi inzake. Chimbale chachiwiricho n'chabwino ndithu, koma amene ali ndi ndalama ya chimodzi chokha ayambe ndi choyamba.

Dandaulo langa lalikulu lili pa mutu wa zimbalezi. Ntchito yonseyi inachitika kuti munthu amene anaiwalika adziwike, koma dzina limene likugulitsa malondawa ndi la Little Rascals, ndipo la Shield likubwera pambuyo, m'mawu ofotokozera. Ndikumvetsa kuti ku America anthu amene anakula akuonera ana aja pa wailesi yakanema ndiwo anali ogula, ndipo palibe kampani imene ingaike patsogolo dzina limene ogula sakulidziwa. Komabe mutuwu umasocheretsa, chifukwa nyimbo zomwezi ndi za Laurel ndi Hardy ndiponso za Charley Chase mofanana, ndipo munthu wa kunja kwa America amene anawo sakuwadziwa akhoza kuchidutsa chimbalecho poganiza kuti ndi nyimbo za ana. Ndiyenera kunenanso, ngakhale si mlandu wa Shield, kuti amene angakopeke kukafuna mafilimu a Our Gang adzapeza zinthu ziwiri pamodzi: ana akuda ndi oyera akusewera limodzi ngati anzawo pa nthawi imene tsankho linali lamulo m'zigawo zambiri za dzikolo, komanso nthabwala zina zonyoza anthu akuda zimene lero zimawawa kuziona.

Pali chisokonezo china chimene wogula ayenera kuchipewa. Kanyimbo kotchuka kwambiri ka Laurel ndi Hardy, kaja kotsegulira mafilimu awo kamene kamatsanzira kulira kwa mbalame, si ka Shield. Kanapekedwa ndi Marvin Hatley, wobadwira ku Oklahoma mu 1905, amene ankagwira ntchito pa wailesi ya KFVD imene inali m'bwalo la situdiyo ya Roach, ndipo Laurel atakamva pa wailesipo anakakonda n'kukatenga mu 1930. Hatley ndiye anakhala mkulu wa nyimbo wa situdiyoyo mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo anasankhidwa kupikisana pa mphoto ya Oscar chifukwa cha nyimbo za Way Out West ya mu 1937 ndi Block-Heads ya mu 1938. Luso lake linali losiyana ndi la Shield, popeza m'mafilimu aatali amenewa nyimbo zake zimatsatira zochitika mwatcheru. Amene akufuna kumva nyimbo za Shield ndi za Hatley pamodzi afunefune zimbale za gulu lomweli zotchedwa The Beau Hunks Play the Original Laurel & Hardy Music, zimene zinatuluka zisanabwere ziwiri zimene ndikuziunikazi, koma adziwe kuti nyimbo zina za Shield adzazipeza uku ndi uku. Palinso chimbale cha mu 2000 chimene The Beau Hunks anajambula ndi Metropole Orchestra, gulu lalikulu la oimba la ku Netherlands, cha nyimbo za Our Relations, zimene zambiri sizinamveke mu filimuyo monga mmene Shield anazikonzera.

Kabuku kamene kamabwera m'kabokosi ndi chifukwa chokwanira chogulira chimbale chenicheni m'malo mongomvetsera pa intaneti. Mmenemo ndi mmene muli mbiri ya Shield ndi ya ntchito yosonkhanitsa nyimbozi, ndipo popanda zimenezo womvetsera amangomva gulu la oimba lachikale likuimba mosangalala, osadziwa kuti kachigawo kalikonse kanachita kufukulidwa. Zilembo zake ndi zazing'ono, moti ndinachita kubwereka magalasi, koma limeneli ndi vuto la timabuku ta zimbale tonse. Amene akugula zakale afunse wogulitsa ngati kabukuko kalipo asanalipire, chifukwa zimbale zambiri zoterezi zimafika kabuku katatayika, ndipo afunsenso kuti azikulunge bwino.

Zimbalezi ndingazilimbikitse kwa magulu awiri a anthu. Oyamba ndi okonda mafilimu a Hal Roach, amene kwa iwo palibe chokambirana. Achiwiri ndi oimba ndi onse amene amayika nyimbo pansi pa masewero, kaya a pa wailesi kapena a pa kanema, chifukwa pano pali phunziro la mmene nyimbo yaifupi ingakhalire yosavuta kuikumbukira koma yosalimbana ndi mawu a ochita sewero. Munthu amene akufuna jazi ya m'ma 1930 yokhala ndi oimba odzionetsa payekhapayekha adzakhumudwa, chifukwa pano palibe woimba amene amatuluka pamzere. Kwa ine, chimbale choyamba chakhala m'makina kwa mwezi wathunthu tsopano, ndipo ndimachiyatsa m'mawa Loweruka ndikamatsuka mbale, ngakhale mchemwali wanga wandichenjeza kale kuti ndi nyimbo zimenezo kumbuyo kwanga, tsiku lina mbale zake zidzathera pansi.